NGONGOLE NDI DZINA LA MUNTHU

Pafupifupi mwini golosale aliyense m'dziko muno ali ndi kakope kamene amasunga pansi pa kauntala. M'kakopemo muli maina a anthu amene anatenga sopo, mchere, shuga kapena mafuta ophikira, nalonjeza kuti adzalipira mwezi ukatha. Mwini golosaleyo sanapite kusukulu ya zachuma, koma amadziwa bwino lomwe amene angamkongoze ndi amene angamuuze kuti, "Pepani bambo, lero ayi." Sayang'ana suti kapena nsapato zimene munthu wavala. Amangotsegula kakope kaja ndi kuona ngati munthuyo anabweza zimene anatenga ulendo watha.

Masiku ano kakope kameneka kanakula. Kanalowa m'makompyuta, ndipo okawerenga ndi mabanki, makampani a mafoni, mabungwe obwereketsa ndalama, ndiponso, m'maiko ena, eni nyumba za lendi. Dzina likalembedwa moipa m'menemo, limamtsata mwini wake kuchokera ku Lilongwe kufika ku Blantyre, ndipo angathe kukanizidwa thandizo pa tsiku limene akulifunitsitsa. Abusa ndi akulu a mpingo akudziwanso kuti mikangano yambiri ya m'banja imene imafika kwa iwo, ukaifukula, pansi pake umapeza ngongole. Nchifukwa chake mwezi uno taganiza zoti tikambirane za nkhani imeneyi momasuka, makolo pamodzi ndi achinyamata.

Kumene malikisi a ngongole anayambira

Mchitidwe wopatsa munthu malikisi molingana ndi m'mene amabwezera ngongole unayambira ku America. M'chaka cha 1956 anthu awiri, Bill Fair ndi Earl Isaac, anatsegula kampani yothandiza obwereketsa ndalama kudziwiratu, pogwiritsa ntchito masamu, amene angabweze ndi amene angavute. Mu 1989 kampaniyo inatulutsa malikisi otchedwa FICO, amene mabanki ambiri a kumeneko amagwiritsa ntchito mpaka lero. Malikisiwa amayambira pa 300 ndi kulekeza pa 850. Wokhala ndi malikisi apamwamba amakongola mosavuta ndiponso pa chiongoladzanja chotsika. Wa malikisi otsika amakanizidwa, kapena amapatsidwa ngongole yokwera mtengo.

Kampaniyo inafotokoza m'mene imawerengera malikisiwo, ndipo m'kawerengedwe kake muli phunziro kwa ife tonse. Mwa magawo 100, magawo 35 amachokera pa kubweza pa nthawi yake. Magawo 30 amachokera pa kuchuluka kwa ngongole imene munthu ali nayo, makamaka poyerekeza ndi malire amene anamuikira. Magawo 15 ndi a kutalika kwa mbiri yake, ndiye kuti zaka zimene wakhala akukongola ndi kubweza. Magawo 10 amayang'ana ngongole zatsopano zimene wapempha posachedwa, ndipo 10 otsalawo amayang'ana mitundu ya ngongole zake. Taonani kuti malipiro a munthu sali m'gulu limeneli. Mphunzitsi wa malipiro ochepa amene amabweza mokhulupirika angathe kuposa bwana wa galimoto zitatu amene amazengereza. Makompyuta a ku America anangotsimikiza chimene mwini golosale wa kwathu anachidziwa kale.

Kwathu kuno nakonso zinafika

Ena angaganize kuti izi nza kunja kokha. Ayi ndithu. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inakhazikitsa lamulo lolola kuti pakhale mabungwe osunga mbiri ya okongola, ndipo amene amapereka chilolezo ndi kuyang'anira mabungwewo ndi Reserve Bank of Malawi. Limodzi mwa mabungwe amene analandira chilolezo chotere ndi Credit Data CRB. Ntchito yawo ndi kusonkhanitsa kuchokera kwa obwereketsa ndalama maina a okongola, kuchuluka kwa ngongole zawo, ndi m'mene akubwezera. Munthu akapita ku banki kukapempha ngongole, bankiyo imayamba yafunsa ku bungwe lotere.

Kale munthu ankatha kukongola ku banki ina, nkuthawira ku inzake, mwinanso kusintha kalembedwe ka dzina lake. Koma chiyambire 2017, pamene anthu oposa 9 miliyoni analembetsa m'kaundula wa ziphaso za unzika, njira imeneyo inayamba kutsekeka. Nambala ya chiphaso ndi imodzi, ndipo ndi yomweyo imene imafunidwa ku banki ndi polembetsa nambala ya foni. Tsono tiyenera kuchenjeza makamaka achinyamata: musabwereke munthu chiphaso chanu, nambala yanu ya foni kapena nambala yanu yachinsinsi kuti akatengere ngongole, ngakhale akhale mnzanu wa m'kwaya. Ngongoleyo idzalembedwa pa dzina lanu, ndipo iye akasowa, wofunidwa adzakhala inu.

Munthu ali ndi ufulu wopempha kuona zimene zinalembedwa za iye. Nkwanzeru kutero musanapite kukapempha ngongole yaikulu, pakuti olemba nawonso amalakwitsa. Ngongole imene munamaliza kubweza ingathe kuonekabe ngati ilipo, kapena ya munthu wina wofanana nanu dzina ingathe kugwera kwa inu. Mukapeza cholakwika, lembani kalata kwa bungwelo ndi kwa amene anakukongozani, muikemo umboni, ndipo musunge kope la kalatayo. Apa mpamene malisiti amaonetsa phindu lake. Banja lililonse likhale ndi envulopu kapena kabokosi kosungiramo mapepala a ngongole, ndipo pepala lotsimikiza kuti ngongole yatha lisatayidwe konse.

Khadi la ngongole

Ambiri a ife tili ndi khadi la ku banki lotapira ndalama pa makina a ATM kapena lolipirira m'sitolo. Khadi limeneli limatapa ndalama zathu zomwe, ndipo zikatha nalonso limaleka kugwira ntchito. Khadi la ngongole limaoneka chimodzimodzi, koma ndalama zimene limatulutsa ndi za banki. Kugula nalo kulikonse ndi kukongola. Kwathu kuno makadi otere ali ndi anthu owerengeka, koma ana athu amene ali ku South Africa, ku Britain ndi ku America amawapeza mosavuta.

Khadi loyamba lodziwika linali la Diners Club, limene linatuluka ku New York mu 1950 kuti anthu azilipirira chakudya m'malesitilanti. Mu 1958 Bank of America inatumiza makadi pafupifupi 60,000 kwa anthu a mumzinda wa Fresno, ku California, anthuwo asanawapemphe. Ambiri analephera kubweza ndipo bankiyo inaluza ndalama zambiri poyamba, koma inapirira, popeza inaona kuti phindu lili m'tsogolo. Khadi limenelo ndi limene mu 1976 linatchedwa Visa. Ku Britain khadi loyamba la ngongole linali Barclaycard, la mu 1966.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkotere. Banki imakuikirani malire a ndalama zimene mungakongole. Pakutha pa mwezi imakutumizirani chikalata choonetsa zonse zimene mwagula, ndi tsiku loti mulipire. Mukalipira zonse tsikulo lisanapitirire, kawirikawiri simulipira chiongoladzanja pa zimene munagulazo. Koma pa chikalata chomwecho pamalembedwanso kandalama kochepa kamene banki imati mukhoza kungopereka kameneko. Msampha uli pamenepo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Tiyerekeze kuti munthu wagula katundu wa K200,000 ndipo chiongoladzanja ndi K3 pa K100 iliyonse pa mwezi. Mwezi woyamba chiongoladzanja chokha ndi K6,000. Akamapereka K10,000 pa mwezi, ndiye kuti mwezi woyambawo ngongole yeniyeni yatsika ndi K4,000 yokha. Pa liwiro limeneli adzatenga miyezi 31 kuti amalize, ndipo adzakhala atapereka ndalama pafupifupi K310,000. Koma akadziumiriza kupereka K20,000 pa mwezi, adzamaliza patangopitirira pang'ono miyezi 12, atapereka pafupifupi K241,000. Katundu ndi yemweyo, koma woyambayo wataya ndalama zina pafupifupi K70,000, zimene zikadagula feteleza kapena kulipira fizi. Ndipo kuwerengera kumeneku nkwa munthu amene sanagulenso kanthu ndi khadilo pa miyezi yonseyo, chinthu chimene ambiri chimawakanika.

Kotero amene ali ndi khadi lotere asunge malangizo awa. Agule nalo chokhacho chimene akadatha kugula ndi ndalama za m'thumba, ndipo alipire zonse mwezi uliwonse. Asatape nalo ndalama pa makina, chifukwa pamenepo chiongoladzanja chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo, kuonjezera pa mtengo wotapira. Asalidzaze kufika m'malire. Alangizi ambiri a zachuma amati ndi bwino kukhala pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a malirewo. Ndipo asatenge khadi lachiwiri kuti alipirire loyamba, pakuti kutero nkukumba dzenje pofuna dothi lokwirira dzenje lina.

Ngongole ya pafoni ndi katapila

Khadi la ngongole la anthu ambiri kuno kwathu ndi foni. Pongodina manambala angapo, ndalama zimalowa, popanda kuvala jekete kupita ku banki, popanda mboni, popanda ngakhale kuuza mayi kapena bambo wa kunyumba. Ngongole zoterezi zapulumutsa anthu pa matenda a usiku ndi pa maulendo adzidzidzi, ndipo sitikuzinyoza. Koma nthawi yake yobwezera imakhala yaifupi, masiku owerengeka kapena mwezi umodzi, ndipo mtengo wake umaoneka wochepa chifukwa chakuti ndalamazo nzochepa. Kulipira K1,000 pa ngongole ya K10,000 ya mwezi umodzi kumamveka ngati kanthu kakang'ono. Koma munthu wochita zimenezi mwezi ndi mwezi, pakutha pa chaka wapereka K12,000 chifukwa cha K10,000 yomwe ija. Choopsa china nchakuti achinyamata ena akukongola pafoni kuti akabetche pa mpira. Ndalama yokongola ikalowa mu juga, munthu amatsala ndi ngongole yokha.

Za katapila sitifunika kunena zambiri, pakuti palibe mudzi kapena ofesi imene sadziwika. Ambiri amafuna theka pamwamba pakutha pa mwezi, ena amafuna kuti ndalama ibwerere yowirikiza. Wokongola K50,000 pa theka amayenera kubweza K75,000. Akalephera, mwezi wachiwiri imakhala K112,500, wachitatu K168,750. Ena amalanditsa khadi lawo la ku banki pamodzi ndi nambala yachinsinsi, kotero kuti pa tsiku la malipiro woyamba kudya thukuta lawo amakhala wakatapila, ana akudikira kunyumba. Njinga, wailesi, mashini osokera, ngakhale malata a padenga zapita mwa njira imeneyi.

Banki m'khonde ndi mabungwe a SACCO anadza kudzatichotsa m'manja mwa katapila, ndipo athandizadi mabanja ochuluka. MUSCCO, bungwe logwirizanitsa ma SACCO m'dziko muno, lakhala likugwira ntchito kuyambira 1980. Koma chida chabwino chimavulazanso chikagwiridwa kolakwika. Mayi amene walowa magulu atatu a banki m'khonde, namakongola ku gulu ili kuti akabweze ku gulu ilo, tsiku logawana likamayandikira sagona tulo. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Gulu limodzi, ngongole imodzi, ndiponso yolowa mu geni yobala phindu: imeneyo ndiyo njira imene yaimika mabanja.

Ngongole zakale

Makolo athu anati mlandu suola. Pa maliro ambiri kwathu kuno, mwambo usanathe, woimira banja amaimirira ndi kulengeza kuti ngati pali wina amene malemu anamkongola, kapena amene anakongola kwa malemu, aonane ndi abale. Mwambo umenewu ukuonetsa kuti anthu athu sanaione ngongole ngati chinthu chimene chimafufutika chokha ndi kupita kwa zaka. Ndipo pa malamulo, ngongole za womwalira zimayamba zalipidwa kuchokera pa chuma chimene wasiya, otsala asanagawane. Bambo amene amabisa ngongole zake akusiyira mkazi wake ndi ana ake mtolo umene adzaudziwe ali pa chisoni. Buku lachiwiri la Mafumu, mutu 4, limasimba za mkazi wamasiye wa mmodzi wa ana a aneneri, amene wokongoza anafuna kumlanda ana ake awiri chifukwa cha ngongole. Mwamunayo anali woopa Mulungu, komabe anasiya banja lake pa moto. Ndipo Elisa atamthandiza mayiyo ndi mafuta, anamuuza kuti ayambe walipira ngongoleyo, zotsalazo ndizo adye ndi ana ake.

Pali ngongole ina yakale imene ikukhudza ambiri a ife amene tinaphunzira. Mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe loona za ngongole za ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, ndipo lina mwa maudindo ake ndi kutolera ngongole za amene anaphunzira kale, kuyambira a m'zaka za m'ma 1980. Ena mwa amene sanabweze ndi anthu olemekezeka, okhala pa mipando ya kutsogolo m'tchalitchi. Ndalama zimenezo ndi zomwe zikadalipirira mwana wa mlimi amene wasankhidwa chaka chino koma alibe pogwira. Tisadikire kuti bungwelo lichite kutisaka kudzera kwa otilemba ntchito.

Abale athu okhala kunja adziwe kuti maiko amenewo ali ndi malamulo oika malire a nthawi pa ngongole. Ku South Africa ngongole wamba, monga ya m'sitolo ya zovala kapena ya khadi, imatha mphamvu pakapita zaka 3 ngati wokongolayo sanalipireko kanthu, sanavomereze kuti ali nayo, ndipo sanalandire samani ya kukhoti. Koma ngongole ya nyumba ndi imene khoti linagamula zimakhala zaka 30. Chiyambire 2015 lamulo la kumeneko limaletsa kutolera kapena kugulitsa ngongole yotha mphamvu yotere. Lamulo la ngongole la dzikolo, la mu 2005, limapatsanso munthu aliyense ufulu woona mbiri yake kwaulere kamodzi pa chaka, ndiponso mwai wopita kwa mlangizi wovomerezeka ngati ngongole zamkulira. Ku England ndi ku Wales malire a ngongole zambiri ndi zaka 6, ku Scotland zaka 5, ndipo kulephera kubweza kumaoneka pa mbiri ya munthu kwa zaka 6. Ku America zoipa zambiri zimafufutidwa pa mbiri pakapita zaka 7.

Kudziwa zimenezi nkofunika, chifukwa kumaiko amenewo kuli makampani amene amagula ngongole zakale pa mtengo wotsika, nayamba kuopseza anthu pafoni. Wina akakuimbirani za ngongole imene simukuikumbukira, musavomere kanthu pafoni, ndipo musatumize ndalama msanga. Pemphani kuti akulembereni: mwini ngongole woyamba anali yani, inali ya ndalama zingati, ndipo chaonjezekapo nchiyani. Safunsa anadya phula. Ena mwa oimbawo ndi akuba chabe, ndipo ena amafuna ndalama zoposa zimene lamulo limawalola.

Koma kwa Mkhristu nkhani siithera pa lamulo la boma. Lamulo likati wokongoza sangakutengereninso kukhoti, silinanene kuti ndalama zija simunadye. Salmo 37 limaika kukongola kosabweza pakati pa makhalidwe a munthu woipa, ndipo Paulo, pa Aroma 13, amalangiza Akhristu kuti asasunge mangawa kwa wina aliyense koma a chikondi okha. Ngati ngongoleyo ndi yoona, ndipo Mulungu watipatsa mphamvu yobwezera, tibweze, makamaka kwa mbale, kwa mnansi ndi kwa wamalonda wamng'ono, amene sanatilembetse pepala chifukwa anatikhulupirira. Tikumbukirenso kuti ndalama yathu yakhala ikutsika mphamvu: mu May 2022 kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100, ndipo mu November 2023 ndi magawo 44 pa 100. Amene anatikongoza ndalama yogula thumba la feteleza zaka zisanu zapitazo, tikambwezera nambala yomweyo lero, sangagule nayo thumba lija. Wobweza mochedwa aganizirepo pamenepa, ngakhale mwini ndalama asanene.

Kutuluka m'dzenje

Tsono amene wazingidwa kale achite chiyani? Choyamba, aleke kukumba: pasakhale ngongole yatsopano. Chachiwiri, atenge pepala ndi kulemba ngongole zonse, ya ku banki, ya pafoni, ya ku golosale, ya kwa alamu, ya ku banki m'khonde, pamodzi ndi chiongoladzanja cha iliyonse ndi tsiku lake. Anthu ambiri a ngongole sadziwa chiwerengero chonse, chifukwa amaopa kuchiona. Chachitatu, pepalalo alione pamodzi ndi mkazi wake kapena mwamuna wake. Tsiku limenelo kunyumba kudzakhala kolemera, koma nkwabwino kumva kwa mnzako wa m'banja kusiyana ndi kumva kwa anthu odzalanda katundu.

Chachinai, apite yekha kwa amene anamkongoza asanachite kumfuna. Kuzimitsa foni ndi kudzera njira ya kuseri kwa msika kumangoonjezera mkwiyo ndi chiongoladzanja. Mabanki ndi mabungwe ambiri amalola kukonzanso kabwezedwe ngati munthu wabwera poyera, ndipo chimene mwagwirizana chilembedwe. Chachisanu, asankhe ngongole imodzi yoti aigwetse msanga, kwinaku akupereka kochepa koyenera ku zinazo. Masamu amati tiyambe ndi ya chiongoladzanja chachikulu, monga ya katapila, pakuti ndiyo ikudya kwambiri. Ena amayamba ndi yaing'ono kuti aone imodzi itatha, mtima ulimbe. Njira zonse ziwiri zimafikitsa, malinga munthu asaime. Imodzi ikatha, ndalama imene inkapita kumeneko ipite yonse ku yotsatira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mbiri yoonongeka imakonzeka, koma ndi nthawi ndi kubweza mokhulupirika basi. Aliyense wolonjeza kuti mukamlipira adzafufuta dzina lanu m'makompyuta msangamsanga, mumtalikire. Cholembedwa molakwika mungathe kuchikonzetsa nokha. Cholembedwa moona palibe angachichotse nthawi yake isanakwane.

Tichenjezenso za kusainira mnzathu ngongole. Buku la Miyambo limabwereza chenjezo limeneli kangapo, monga pa mutu 6 ndi mutu 22. Wosainira sakhala mboni yongoonerera; iye walonjeza kuti mnzakeyo akalephera adzalipira ndiye. Musasainire ndalama imene simungathe kuilipira nokha popanda kugulitsa munda kapena kutulutsa mwana sukulu. Ndipo kwa asungichuma a mipingo, a mabungwe a amayi, a makwaya ndi a magulu a achinyamata tikuti: ndalama ya m'thumba la gulu si yobwereka, ngakhale mutatsimikiza mumtima kuti mudzabweza Loweruka. Ambiri amene anataya udindo ndi ulemu anayamba ndi mau akuti, "Ndingobwerekako pang'ono."

Mau kwa okongoza

M'mipingo yathu muli okongola, mulinso okongoza, ndipo Mau a Mulungu amalankhula kwa onse. Pa Nehemiya 5 timawerenga za anthu amene anapinyolitsa minda, mipesa ndi nyumba zawo kuti apeze chakudya m'nthawi ya njala, ena mpaka ana awo analowa ukapolo, ndipo owachita zimenezi anali abale awo omwe. Nehemiya anaitanitsa msonkhano, nawadzudzula poyera, nawalumbiritsa kuti abweze mindayo. Pa Deuteronomo 15 Aisraele analamulidwa kumasula abale awo ku ngongole pakutha pa zaka zisanu ndi ziwiri zilizonse. John Calvin, m'kalata yake ya mu 1545, anavomereza kuti chiongoladzanja pa ndalama ya malonda si tchimo mwa icho chokha, koma anakaniza kuchitenga kwa wosauka amene wakongola chifukwa cha kusowa. Katekisma wa Heidelberg, wa mu 1563, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu, amaika katapila m'gulu limodzi ndi miyeso yonyenga ndi ndalama zachinyengo.

Kotero Mkhristu amene amakongoza mnansi wake chimanga mu February kuti adzalandire matumba awiri pa thumba limodzi pokolola, adzifunse ngati angathe kukhala naye pa Mgonero ndi mtima woyera. Kufuna ndalama yako si kulakwa, ndipo wokongola asabisale kuseri kwa chifundo cha mnzake. Koma pali nthawi imene wokongolayo wagwa ndithu, mwina ndi matenda, mwina ndi imfa ya wodyetsa banja, ndipo pamenepo fanizo la pa Mateyu 18, la kapolo amene anakhululukidwa zambiri nakana kukhululukira mnzake zochepa, limatiyang'ana m'maso. Ukakhululuka, umuuze mnzakoyo momveka kuti ngongole yatha, kuti aleke kukuthawa pa njira ya kutchalitchi.

Ntchito ya makolo ndi ya mpingo

Mwana amaphunzira za ndalama poona. Akamatumidwa kukauza wodzafuna ngongole kuti, "Ababa kulibe," pamene bambo ali chete kuchipinda, waphunzira zinthu ziwiri pa tsiku limodzi: kunama ndi kuthawa mangawa. Koma akaona makolo ake atakhala pansi ndi pensulo, akugawa malipiro kapena ndalama za fodya, chopereka payokha, fizi payokha, ngongole payokha, chosunga payokha, adzachita zomwezo pa nyumba yake. Mwana akabwereka kandalama kwa inu, mulole abweze, ngakhale kakhale kochepa. Mukumphunzitsa chinthu chimene chidzamsunga inu kulibe.

Kwa achinyamata amene mwayamba ntchito kapena mukupita kunja: malipiro oyamba amabwera ndi oitana ambiri, a mafoni apamwamba, a mipando ya pangongole, a zovala. Ukwati wa tsiku limodzi usakusiyeni ndi ngongole ya zaka zitatu. Amene mwafika kumene ku Britain mudzapeza kuti kusakhala ndi mbiri konse nakonso kumavutitsa popeza nyumba kapena foni ya pamwezi. Mbiriyo imamangidwa ndi zinthu zazing'ono: kukhala ndi akaunti ya ku banki, kulipira mabilu pa tsiku lake, ndi kulembetsa m'kaundula wa ovota ngati muli ololedwa kutero. Ndipo ife makolo otsala kumudzi tisawapanikize ana athu ndi zopempha zosatha, pakuti ndalama zina zimene amatitumizira amachita kukongola poopa kutikhumudwitsa.

Mpingo nawo uli ndi mbali yake, ndipo si yachilendo kwa ife a Chipresibeteriya. M'chaka cha 1810 mbusa wa Church of Scotland, Henry Duncan, poona umphawi wa anthu a mpingo wake m'mudzi wa Ruthwell, anatsegula banki yosungirako ndalama m'kanyumba kakang'ono, kuti anthu osauka, amene mabanki akuluakulu sankawalandira, azisunga tindalama tawo ndi kulandirapo phindu. Nzeru imeneyo inafalikira m'maiko ambiri. Mbusayo anaona kuti kuphunzitsa nkhosa kusunga ndi gawo la ubusa. M'mipingo yathu muli akhristu ogwira ntchito m'mabanki, aphunzitsi a masamu ndi odziwa malamulo. Bwanji osawapempha kuti aphunzitse pa misonkhano ya amayi, ya abambo ndi ya achinyamata? Bwanji alangizi a mabanja, pokonzekeretsa anyamata ndi atsikana ku ukwati, osawafunsa ngati anauzana za ngongole zimene aliyense ali nazo? Ndipo wogwa m'ngongole akabwera kwa mkulu wa mpingo, nkhani yake isungidwe, kuti enanso alimbe mtima kubwera msanga.

Miyambo 22 imayamba ndi kutiphunzitsa kuti mbiri yabwino iposa chuma chambiri, ndipo m'mutu womwewo timachenjezedwa kuti wokongola amasanduka kapolo wa womkongoza. Tiyeni tsono, mwezi uno usanathe, banja lililonse likhale pansi ndi pepala lija. Amene tili ndi ngongole yakale kwa mbale, tipite tikaonane naye, ngakhale m'manja muli theka lokha. Amene tili ndi mbale wogwa, timpeputsire katundu. Ambuye amene anatiphunzitsa kupempha chikhululukiro cha mangawa athu atipatse mtima woona pa zazing'ono ndi pa zazikulu zomwe.